A Zuze ndi Mayina Opusitsa Imfa

Mu Blantyre muno mwadutsa anthu a misala yamitundumitundu, koma wa misala ya mayina analipo mmodzi yekha: a Paston Zuze a ku Bangwe. Bambo amenewa, mzimu wawo uuse mumtendere, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti imfa imadziwa kuwerenga, ndiponso kuti imakonda mayina okoma. Ndiye pulogalamu iliyonse ya pakompyuta imene achinyamata ankapita nayo kwa iwo kuti aitche dzina, inkabwerako ndi dzina loti ngakhale galu wa pamsika sangalole kuitanidwa nalo.

Kwa inu amene simukupadziwa, pa Chichiri paja, mukangodutsa sitediyamu ngati mukulowera ku Limbe, pali nyumba ina yosanja imene pansi pake amagulitsa matayala. Pamwamba pake pali chipinda chimene timachitcha pa Khonde. M'menemo mumasonkhana anyamata ndi atsikana olemba mapulogalamu aulere, aja oti ukalemba umawaika poyera pa intaneti kuti aliyense atenge, asinthe, awonjezere mmene akufunira. Ntchito yake ndi ya mtima chabe, n'chifukwa chake mapulogalamu otere amafa ngati anapiye a m'dzinja. Lero mwini wake wapeza ntchito ku banki, mawa wakwatira, mkuja laputopu yake yabedwa pa depoti. Pulogalamu ija n'kutsala yokhayokha, yopanda woiyang'ana.

A Zuze anayamba kugwira makompyuta kalekale pa kampani ina ya fodya ku Limbe, nthawi imene kompyuta imodzi inkadzaza chipinda chonse. Atapuma pa ntchito, palibe amene anawaitana pa Khonde. Anangotulukira tsiku lina ndi jekete yawo yabulawuni ndi ambulera, n'kukhala pa mpando wa pawindo, basi mpandowo n'kukhala wawo mpaka kalekale. Achinyamata ankangowatcha Madala.

Woyamba kulawa ukali wawo anali Eddie, mnyamata wa pakamwa wa ku Chilomoni, amene analemba pulogalamu yothandiza ana a sukulu kupeza mabuku akale.

"Madala, ndamaliza! Ndaitcha Tsogolo Lowala."

"Watcha kale? Mchombo wagwa?"

"Mchombo wa chiyaninso, Madala? Ndi pulogalamutu iyi."

"Ndikufunsa kuti alipo munthu amene si mnzako, si chibwenzi chako, si amako, amene waiika pa kompyuta yake n'kugwira ntchito?"

"Ayi, komatu..."

"Ndiye ikadali m'chikuta. Mwana wa m'chikuta satchedwa dzina, amangoti khanda. Tsogolo Lowala! Iwe, imfa ikangomva zimenezo ikwera minibasi ya kutsogolo, ilipira mipando yonse kuti asadikire kudzaza."

Eddie anaseka mpaka misozi, dzina n'kulisiya momwemo. Abale inu, sipanapite nthawi zinadziwika kuti Tsogolo Lowala linali kale dzina la sukulu ya mkaka, la kwaya ina, la maminibasi awiri, komanso la kalipentala wina wokhoma mabokosi a maliro kuseri kwa Ndirande. Mwana wa sukulu akafufuza pa intaneti kuti apeze buku la masamu, chimene chinkatulukira ndi bokosi la zogwirira zagolide. Eddie anagwa ulesi, pulogalamu n'kufa.

Ndipo pulogalamu ikafa, a Zuze sankalola kuti ingozimiririka ngati ya chikunja. Ankalengeza maliro pa gulu lathu la pa foni, mwaulemu wake wonse: "Abale, tili ndi zovuta. A Tsogolo Lowala atisiya m'mawa uno atadwala kwa kanthawi kochepa. Malemuwa asiya bambo awo, a Eddie, amene ali bwinobwino ndipo ayamba kale kuyang'ana kwina. Mwambo wonse uli pa Khonde masana ano." Ulendo woyamba, mtsikana wina anangowerenga mawu oti zovuta, n'kubwera atamanga chitenje, akulira kuyambira pa masitepe. Pambuyo pake tinazolowera. Madala ankavula chipewa, n'kunena mbiri ya malemu, kenako n'kulamula mwini wake kuti alembe pamwamba pa pulogalamuyo kuti yafa, anthu asamavutike kugogoda pakhomo pa nyumba yopanda anthu.

Maliro atachuluka, anthu anayamba kuchita mantha n'kumapita okha kwa Madala kukapempha dzina. Pulogalamu ya mnyamata wina, Eliot, yosonyeza njira za maminibasi anaitcha Yafakale. Ina yochenjeza za kuvuta kwa madzi m'mipope anaitcha Tayani. Suhail, mwana wa m'sitolo ya nsalu ku Limbe, analemba yabwino kwambiri yowerengera katundu wa m'masitolo ang'onoang'ono, iwo n'kuiyang'ana, n'kugwedeza mutu.

"Zinyalala."

"Aaa, Madala! Bambo anga akaimva bwanji imeneyo?"

"Tafufuza pa intanetipo. Alipo wina ali nalo?"

"Palibe."

"Alipo amene angakubere? Alipo loya amene angavale tayi kuti akakusumire chifukwa cha Zinyalala? N'lalifupi, lilibe mwini, munthu akalimva kamodzi saliiwala. Ndipo imfa ikadutsa iziti, ha, izi anataya kale, n'kupitirira."

Chodabwitsa n'choti mapulogalamu a mayina onyansawa ankakhaladi. Zinyalala inafika mpaka kwa mzungu wina wa kutali amene anaiwonjezera zina n'kufunsa tanthauzo la dzinalo, ndipo Suhail mpaka lero sanamuyankhe. A Zuze ankati wotcha dzina ndiye amagula thewera loyamba, ndiye pulogalamu iliyonse imene aitcha ankaitenga ngati yawo: wina akadandaula kuti siikuyenda ankamuyankha ndi iwo, pakathyoka kanthu ankakonza ndi iwo. Tonse tinkawaona akuchita zimenezi, koma tinkangoti ndi zotayitsa nthawi za munthu wopuma pa ntchito.

Aliyense pa Khonde ankaseka nazo, kupatula munthu mmodzi. Ameneyu anali Stacy, mwana wawo weniweni wa a Zuze, amenenso anali katswiri kuposa tonse. Bambo ake akayamba zawozo, iye ankatseka makutu ndi zomvera nyimbo, nsagwada zitauma. Anali ndi chifukwa chake, ndipo sichinali chaching'ono.

Stacy asanabadwe, a Zuze ndi akazi awo, malemu a Lines, anaika m'manda ana atatu motsatizana, onse a mayina okoma. Wachinayi atabwera, bambo anatsata za makolo awo a ku Milanje, zoti ana akamangofa, wotsatirayo umamutcha dzina lomunyoza kuti imfa imuone ngati wopanda ntchito. Anamutcha Sakhalitsa. Mwana n'kukhaladi, koma mtengo wake analipira ndi iyeyo. Ku pulayimale aphunzitsi akaitana kuti, "Sakhalitsa Zuze!" kalasi yonse inkayankha pamodzi kuti, "Wapita kale!" Tangoganizani zimenezo m'mawa uliwonse. Atangofika ku sekondale anadzitcha Stacy, ndipo aliyense amene ankayerekeza kutchula lakalelo ankaona zakuda.

Aliyense, kupatula bambo ake. Iwo dzina latsopanolo silinatulukepo pakamwa pawo.

"Dzina limenelo ndi la ku Namiwawa," ankatero, "kwa anthu a mipanda ya njerwa ndi alonda pageti. Imfa ikakupeza nalo ku Bangwe kuno iganiza kuti waba."

"Adadi, ndine munthu wamkulu. Ku ofesi onse amanditcha Stacy."

"A ku ofesiwo anaikapo mwana m'manda?"

Nkhani inkathera pamenepo nthawi zonse, wina kuyang'ana uku, wina uko.

Tsopano Stacy anali ndi pulogalamu yake imene anaivutikira kuposa china chilichonse. Inkatumiza mauthenga pa timafoni tating'ono kukumbutsa amayi tsiku la sikelo ndi la katemera wa ana awo. Namwino wina dzina lake Miriam, wa pa kachipatala kena kuseri kwa Bangwe, anaiyesa ndipo inayenda bwino. Koma inalibe dzina. Pa kompyuta ya Stacy inkangotchedwa Chinthu.

A Zuze anamva, popeza pa Khonde sipabisika kanthu. Masana ena anadzuka pa mpando wawo, n'kukaima kumbuyo kwa mwana wawo, ambulera ili m'manja, akutsokomola pang'ono.

"Ndamva kuti mchombo wagwa."

"Wagwa."

"Ndiye ndinali ndi kadzina kena..."

Stacy anavula zomvera nyimbo zija, n'kutembenuka, chipinda chonse chikumva.

"Adadi, mwana mmodzi munamuwononga kale. Uyu yekha ayi."

Ngakhale Eddie wa pakamwa uja anangoyang'ana pansi. Madala anangonena kuti, "Chabwino, mayi," n'kubwerera pa mpando wawo. Tsiku limenelo anaweruka msanga.

Stacy anati atcha yekha, koma zinamukanika. Dzina lililonse lokoma limene analiganiza linali kale ndi eni ake: Chiyembekezo inali golosale, Moyo Wabwino anali mankhwala a zitsamba, Tikondane anali bala. Limene linkapezeka lopanda mwini, akati alilembe, chala chinkangouma pa batani. Iye amene, wa digiri yake, wosakhulupirira za makolo, ankaopa kulemba dzina lokoma. Zinkamukwiyitsa koopsa, ndipo mkwiyowo unkabwereranso kwa bambo ake.

Uku Miriam sankamupatsa mpata.

"Achemwali, zipatala zina zikuifuna, koma popanda dzina sizingatheke. Amayi akalandira uthenga wosadziwika kochokera akumangofufuta, akuti ndi akuba a pa foni aja. Sabata yatha mayi wina wafufuta, mwana n'kuphonya katemera. Itcheni chilichonse, bola dzina."

Nthawi yomweyo chifuwa cha a Zuze chinakula. Jekete yabulawuni ija inayamba kulendewera m'mapewa. Masitepe a pa Khonde anayamba kuwapumira pakati, ati akuwerenga matayala. Kenako anasiya kubwera, kenako tinamva kuti awagoneka m'chipatala. Stacy ankapita tsiku lililonse ndi phala, kuwasambitsa kumaso, kuwasinthira zofunda, koma za dzina palibe amene ankazitchula. Anthu awiri ouma mitu a magazi amodzi, Mulungu atithandize.

Tsiku lina masana, pa nthawi yoona odwala, dokotala anamuitanira Stacy pambali n'kumuuza mawu aja amene madokotala amanena akuyang'ana pa khoma. Stacy anabwerera pa bedi, n'kutulutsa laputopu m'chikwama, n'kuiika pa bulangeti.

"Adadi, ndabwera naye mwana uja. Mutcheni. Lililonse limene munganene ndilandira, kaya Nyansi, kaya Chamanda, kaya chiyani."

Madala anamukodola ndi chala.

"Tseka katani. Sendera kuno."

Anasendera. Iwo anayamba kunong'ona, maso akuloza pa mpando wopanda munthu umene unali kumiyendo kwa bedi.

"Sabata ino imfa yatanganidwa. Yakhala apo, ikuyang'ana ine ndekha, kuphethira ayi. Bambo wa pa bedi ilo wakhala akuiitana mokuwa, koma siikutembenuka n'komwe. Ndiye mwayi ndi womwewu. Tidutsitse dzina lokoma kumbuyo kwake isanacheuke."

Stacy anagwira dzanja lawo.

"Dzina lanji, adadi?"

"Madalitso."

Limeneli linali dzina la mwana wawo woyamba, mchimwene wake wa Stacy. Stacy ankalidziwa kuchokera kwa mayi ake okha, chifukwa chibadwire chake anali asanalimvepo pakamwa pa bambo ake.

"Adadi, dzina limenelo lili paliponse. Magolosale, maminibasi, mashopu ometera. Lamulo lanu lomwe likukana."

"Lamulo ndinapanga ndine, ndikuliphwanyanso ndine, ukandisumire. Mwana uja chinamutenga ndi chikuku, panalibe wotikumbutsa za katemera. Wagona mokwanira. Adzuke, azikumbutsa anzake."

Anapuma kaye, chifuwa chikulira.

"Koma wotcha dzina amagula thewera, ndipo ine masiku andithera m'thumba. Ugula ndiwe. Fulumira, Sitesi, isanatione."

Sitesi! Zaka zonse zija mwana ankalimbana kuti alimve dzina limeneli pakamwa pawo, ndipo litatuluka linatuluka lopindika chonchi. Stacy anaseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira, misozi ikugwera pa mabatani. Analemba dzinalo pomwepo, pa bulangeti la chipatala, n'kuitulutsa pulogalamuyo poyera kuti dziko lonse liione. Chala sichinaume.

"Yapita, ababa."

"Yacheuka?"

Stacy anayang'ana pa mpando uja.

"Ayi, sinacheuke."

"Chitsiru," anatero Madala, akumwetulira.

Anamwalira m'mawa wa tsiku lotsatira. Stacy, mutu utasokonekera, foni yake itatha moto, anatenga foni ya bambo ake n'kulemba pa gulu lija: "Abale, tili ndi zovuta. A Paston Zuze atisiya m'mawa uno. Mwambo wonse uli ku Bangwe."

Mayo ine, zimene zinatsatira sindifuna n'kuzikumbuka komwe. Tinkhope toseka tinayamba kugwa ngati matalala. Wina anafunsa kuti pulogalamu imeneyo inali ya ndani. Wina anati dzinalo linali lokoma kwambiri, n'chifukwa chake yafa. Eddie analemba kuti, "Madala, mwatha mapulogalamu mwayamba kudziika nokha? Mutisungireko mpando kutsogolo!" Stacy anakhala pa benchi ya pa mochale akuwerenga zonsezo, yekhayekha, mpaka analimba mtima n'kuyamba kuimbira munthu mmodzimmodzi. Eddie atamva mawu ake, anadula foni n'kuliyatsa liwiro. Anangofika pa mochale wapansi kuchokera ku Chichiri, thukuta lili kamukamu, akulira ngati mwana.

Ndi Eddie yemweyo amene anathamanga kukafuna bokosi, ndipo mwa akalipentala onse a mu Blantyre, amene anali ndi bokosi lokwana msinkhu wa Madala tsiku limenelo anali mmodzi yekha, wa kuseri kwa Ndirande uja. A Paston Zuze, mdani wamkulu wa mayina okoma, anapita kumanda m'bokosi lomatidwa kapepala kolembedwa kuti Tsogolo Lowala. Amene tinaona tinaluma milomo mkati mwa nyimbo, ndipo Stacy, atakaona kapepalako, anati kasachotsedwe.

Maliro atatha, zinthu zinayamba kuoneka. Yafakale inafadi. Tayani inatayika. Suhail anabwera tsiku lina nkhope ili gwa, ati Zinyalala yasiya kuyenda pa makompyuta atsopano, madandaulo aunjikana ndipo palibe akuyankha. Mayina anali omwe aja, onyansa ngati kale, koma sanatetezenso kanthu. Amene ankadzuka m'mamawa ku Bangwe kuyankha anthu osawadziwa ndi kukonza tothyoka anali atagona ku manda.

Stacy zinamulasa kuposa tonse, chifukwa anakumbuka zake. Anakumbuka kuti ali mwana, m'mawa uliwonse bambo ake asanapite ku ntchito ankagwada pa mphasa pake n'kuika chala pansi pa mphuno yake, kudikira mpweya. Iye ankanamizira kugona, zikumunyansa. Anakumbuka kuti akangotsokomola kamodzi ankapezeka ali kumsana kwawo, ulendo wa ku chipatala, mvula kaya dzuwa. Moyo wake wonse ankadana ndi dzina lija poganiza kuti ndi lokhalo limene bambo ake anamupatsa. Zinamupweteka kwambiri, ndipo wopepesa kwa iye panalibenso.

Pa Khonde pano anthu akadalipo, makompyuta akulirabe, fungo la matayala likukwerabe masitepe. Koma pazizira. Achinyamata atsopano akutcha mapulogalamu awo mayina onyezimira tsiku lomwe ayamba kuwalemba, ndipo palibe wowafunsa za mchombo. Akafa amangofa mwakachetechete, popanda wovula chipewa. Mpando wa pawindo uja palibe amene anaulanda, munthu akatopa amalolera kukhala pa kireti. Eddie nthawi zina amayesa kutcha dzina lonyansa kuti tiseke, koma limatuluka ngati chipongwe chabe, n'kusiya yekha.

Uthenga wokha ndi umene ukuyenda. M'timafoni ta amayi a ku Bangwe, ku Machinjiri, mpaka kutsidya kwa Chigumula, mumalowa mawu akuti: "Madalitso akukukumbutsani kuti mawa ndi tsiku la sikelo." Miriam akuti amayi ena amayankha kuti zikomo achimwene, ena amafunsa ngati Madalitsoyo ali pabanja.

Ndipo m'mawa uliwonse, asanatereke madzi a tiyi, asanasambe n'komwe, Sakhalitsa Zuze amatsegula laputopu yake, n'kuwerama pafupi, n'kudikira kuti aone ngati mchimwene wake akupuma. Mpaka lero akupuma.